Kalata kwa mdzukulu wanga: za muzu wa bwazi

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse kumeneko, iwe, akunyumba kwako ndi kamwana. Kuno tilipo, kungoti agogo ako aakazi akutsokomola ndi fumbi la chilimwe chino.

Amayi ako andiuza kuti mawondo ndi msana zakusowetsa mtendere chiyambire ntchito ya kabaza, ndipo wagula mizu ya bwazi pamsika kwa bambo wina amene wakuuza kuti uziwiritsa n'kumamwa kapu m'mawa ndi madzulo. Ngati kalatayi yakupeza usanayambe, usayambe. Ngati wayamba kale, leka lero lomwe. Ine bwazi sindinyoza, ndi mankhwala enieni, koma malo ake ndi pakhungu. M'mimba amapha.

Mtengowu ndinaudziwa bwino ndili pa ntchito ya zankhalango. Sukula kwambiri, khungwa lake ndi lotuwa ndi losalala, ndipo mvula ikayandikira, cha mu Okutobala ndi Novembala, umachita maluwa ofiirira onunkhira moti umaumva usanauone, njuchi zili piringupiringu. Chipatso chake chili ndi phiko limodzi, chimagwa chikuzungulira. M'mabuku a zomera amaulemba kuti Securidaca longepedunculata. Makolo athu ankapota ulusi wa m'nthambi zake n'kulukira maukonde, ulusi wolimba moti David Livingstone anautchula m'buku lake la 1857 atauona cha ku Zambezi.

Tenga muzu umodzi mwa imene wagulayo, uukande ndi chikhadabo, ununkhize. Ngati ndi bwazi weniweni wosakhalitsa, umva fungo la Deep Heat, mafuta aja amapaka anyamata a mpira. Sizinangochitika ayi. M'muzumo muli mankhwala otchedwa methyl salicylate, omwewo amene ali m'mafuta ogula aja, ndipo ndi pachibale ndi aspirin, amene kampani ya Bayer inapanga ku Germany mu 1897. Ndiye anthu akale sankanama ponena kuti bwazi amaziziritsa nyamakazi. Ngati muzuwo sukununkha kanthu, ndiye kuti wauma mphamvu n'kuuluka, kapena akugulitsa mtengo wina. Ufa wosinjasinja wa m'timapepala usagule n'komwe, pakuti ufa ulibe nkhope.

Amayi anga ankachita chonchi. Ankapala khungwa la muzu wauwisi ndi mpeni, kulisinja, kusakaniza pang'ono pokha ndi mafuta a nsatsi, n'kupaka pabondo mosisita. Pakapita kanthawi khungu linkafiira ndi kumva kutentha, ululu n'kuyamba kuzilala. Iwenso ukafuna, chita momwemo, koma yamba wayesa pakamalo kakang'ono padzanja, chifukwa ena amatuluka matuza. Usapake pabala kapena pamene pasupuka. Ukapaka usamangepo pulasitiki kapena nsalu yothina, ndipo usathowepo ndi madzi otentha, chifukwa kutentha kumakankhira mankhwala ambiri m'magazi. Bondo limodzi kapena awiri basi, osati thupi lonse ngati ukudzola popita ku ukwati. Ukatha samba m'manja ndi sopo usanagwire m'maso kapena kunyamula mwana. Wina akakuuza kuti akuteme mphini n'kupakamo bwazi, kana. Pamphini mankhwala amalowa m'magazi mopanda muyezo, ndipo lezala loyenda pa anthu ambiri umadziwa wekha zimene limanyamula.

Tsono za kumwazo. Piritsi la aspirin limalembedwa kuti 300 mg, ndipo lililonse m'botolomo ndi chimodzimodzi. Muzu sulembedwa kanthu. Wokumbidwa kuno ndi wokumbidwa kuseri kwa phiri sulingana mphamvu, wauwisi ndi wouma sulingananso, ndipo wokugulitsa uja sadziwa kuti m'kapu yakoyo mulowa zochuluka bwanji. Sipuni yaing'ono imodzi ya mafuta a methyl salicylate osasakaniza imaposa mapiritsi a aspirin 20, ndipo ndi yokwana kupha mwana. M'muzumo mulinso zinthu zina zochita thovu zimene zimapsereza matumbo. Alimi ena amathira ufa wa muzuwu m'mbewu zosunga kuti anankafumbwe asaboole. Ganizira pamenepo.

Munthu akamwa wambiri, makutu amayamba kulira, amasanza, thukuta lili kamukamu, kupuma kumafulumira ngati wathamanga, kenako mutu umasokonezeka. Ukaona zoterezi pa iwe kapena pa mnzako wa pasiteji, musadikire kuti kuche, ndipo musamukakamize kusanza kapena kumumwetsa mkaka. Thamangirani kuchipatala mutatenga muzuwo kuti adokotala auone.

Nkhani ina ndi yochititsa manyazi kulemba, koma ndilemba. Ndamva kuti akunyumba kwako ndi oyembekezera. Bwazi asamuyandikire, ngakhale wopaka. Kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe, amayi ena amwalira ataika muzu umenewu kumalo obisika, ena pofuna kutaya pathupi, ena atanamizidwa kuti ndi mankhwala a chiberekero. Mizuyo uike pamwamba, kumene kamwana kokwawa kaja sikangafike. Iwenso ngati uli ndi zilonda za m'mimba kapena mphumu, kapena aspirin amakuwenga, bwazi si wako.

Koma ine chimene chikundivuta kwambiri si muzu ayi, ndi njingayo. Pamaliro a malume ako ndinaiona: chishalo chili pansi, iwe ukupalasa mawondo akufika pachifuwa. Kweza chishalocho kufikira mwendo uziwongoka pafupifupi wonse pedulo ikafika pansi. Matumba awiri a makala pamodzi ndi mwini wake, pachitunda, bondo la munthu silinapangidwire zimenezo. Tsika uzikankha, palibe amene adzakuseke kuposa mmene angakusekere ukamayenda ndi ndodo usanakwane zaka makumi anayi. Matayala akhale opopa bwino, tcheni chikhale ndi oilo. Anyamata ambiri amapaka mankhwala usiku kuti m'mawa akabwerezenso chomwecho chimene chinawapweteka, ndipo ululu ukagonetsedwa amayesa apola.

Tsiku limene wapweteka kwambiri, panado alipo, koma osapitirira mapiritsi 8 a 500 mg patsiku, ndiponso osamwera mowa. Bulufeni kapena aspirin usaphatikize ndi bwazi, zonsezo zimaluma m'mimba mofanana.

Pali ululu wina umene muzu uliwonse sungauthe. Bondo likatupa n'kumatentha, iwe thupi likutenthanso, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Msana ukamapweteka milungu ingapo osasintha, ukutuluka thukuta usiku ndiponso ukuwonda, akakuyeze TB, chifukwa imagwiranso mafupa a msana ndipo mankhwala ake kuchipatala cha boma ndi aulere. Miyendo ikachita dzanzi, kapena mkodzo ukayamba kuvuta, usagone n'komwe pakhomo.

Ukadzabwera nthawi yokolola tidzapite limodzi kuphiri, ndikakuonetse mtengowo ndi kakumbidwe kake. Timafukula mbali imodzi, kudula muzu umodzi wam'mbali, n'kukwirira bwinobwino. Ogulitsa ambiri amazula wonse, pamene bwazi ndi wovuta kumera, n'chifukwa chake wayamba kusowa kufupi ndi midzi. Ku South Africa anafika pouika pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa ndi lamulo.

Undiyankhe kudzera pa foni ya amayi ako, undiuze ngati unamwako ndiponso masiku angati. Agogo ako aakazi akuti akutumizira mtedza ndi ufa wa mgaiwa akapezeka wopita kumeneko. Upereke moni kwa akunyumba kwako.

Ndine,
Agogo ako aamuna