Masuku a pa njira ya ku Shamva

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza wapansi, nadutsa ku Tete, nawoloka Zambezi, kudzafuna ntchito m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Anayamba ntchito ku mgodi wa golide ku Shamva asanasamukire ku Salisbury, ndipo chuma choyamba chimene anagula chinali njinga ya Humber. Ankati tsiku lina adzabwerera kwawo ataikwera. Sanabwerere. Anamwalira ali mtchona ku Mufakose, ndipo njingayo inakhala zaka zambiri ili chikolekere kuseri kwa nyumba, dzimbiri likuidya.

Mwezi wa Disembala wapitawu ndinaitsitsa. Wokonza njinga wina ku Mbare anaiika matayala, tcheni ndi mabuleki atsopano. Ine ndi mnzanga wa ku Highfield tinamangirira pa keliyala mabulangete, kapoto, ufa, kapenta, pampu ndi zigamba za chubu, n'kuuyamba wa ku Shamva. Pa msewu wa tala ndi makilomita pafupifupi 90, mtunda woti munthu wamphamvu n'kuutha tsiku limodzi. Ife tinasankha njira za m'tchire, ndipo tinayenda masiku atatu.

Usiku woyamba tinagona ku Domboshava, pafupi ndi thanthwe lalikulu lija lokhala ndi zojambula za anthu akale. M'mawa mwake tinalowa m'tinjira ta ng'ombe ndi ta otola nkhuni, kudutsa m'dera la Chinamhora kulowera ku Musana. Tinali titadandaula za dzuwa, koma masana mvula inagwa, ndipo tinakumbuka kuti walira mvula walira matope. Humber ilibe magiya, komanso ndi yolemera. Pa zitunda ndinkachita kukankha, ndipo matope ankadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka ndinkawakolokosa ndi kamtengo.

Chimene chinandipweteka koposa miyendo chinali funso. Mnzangayo, amene ndi Mshona, ankatchula mitengo tikamaidutsa: uwu ndi musasa, uwo munhondo, uwo muzhanje. Kenaka anandifunsa kuti m'chinenero chathu imatchedwa chiyani. Ndinangoti kukamwa yasa. Ndili ndi digiri ya maphunziro a zinenero, ndipo ndingathe kufotokoza magulu a mayina ndi mmene kukwera kwa liwu kumasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Koma dzina la mtengo umene ndinatsamira ndinalibe. Chichewa changa ndi cha m'khitchini, cha pamaliro ndi cha m'tchalitchi, chifukwa ndinakulira m'nyumba zothinana za ku Mufakose, kumene kulibe nkhalango yoti mwana aphunziriremo mayina.

Tsiku lachitatu, titayandikira Shamva, tcheni chinaduka. Tinakankha njinga mpaka pa komboni ya famu ina. Bambo wina wokalamba anatuluka, natipatsa moni m'Chishona. Ndikuwerama kuyang'ana tchenicho ndinadziguguda ndekha kuti, "Mayo ine, ndapsa!" Mkuluyo anatembenuka msangamsanga.

"Kodi iwe, ndiwe mwana wa yani?"

"Ndine mdzukulu wa a Phiri a ku Dedza, agogo."

Anandigwira dzanja kwa nthawi yaitali osalisiya. Analumikiza tchenicho ndi msomali ndi hamala, nasisita chishalo cha njingayo ngati akusisita mwana. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi mbale ya zipatso zofiirira, nati, "Idya masuku, mdzukulu wanga."

Masuku! Mawu amenewa ndinkawamva kwa agogo anga akamakamba za mapiri a ku Dedza, ndipo ndinakula ndikuganiza kuti ndi chipatso chopezeka ku Malawi kokha, chimene ndidzachilawe tsiku limene ndidzapite kumeneko. Chonsecho ndakhala ndikuchigula chaka ndi chaka ku Mbare Musika, pa dzina la mazhanje. Mawu ndinali nawo, chipatsonso ndinali nacho, koma panalibe amene anandilumikizira ziwirizi. Mkuluyo anapitiriza: matamba ndi mateme, muuyu ndi mlambe, howa ndi bowa. Adzukulu ake anatizungulira akumvetsera, ndipo iye akawafunsa m'Chichewa ankamuyankha m'Chishona.

Madzulo ake tinalowa mu Shamva, kumene mu 1927 antchito a mu mgodi, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ananyanyala ntchito. Ndinaima ndi njinga ya agogo osadziwa choti ndiwauze.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo n'koyenera kunyadira zimenezi. Koma mayina a mitengo, udzu ndi mbalame ali m'kamwa mwa okalamba a m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, ndipo okalambawo akutha.

Ndiye ndikupempha inu abale a ku Dedza, ku Katete ndi ku Angónia: musasa ndi munhondo mumazitcha chiyani kwanuko? Mvula ikakata ndibwereranso ku komboni ija ndi kope ndi cholembera. Ndikufuna ndikafike kwa agogo aja ndili ndi mayina oti nanenso ndikawapatse.