Njira yoti agogo ndi mdzukulu ayendere limodzi

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo oyenda pansi. Kunyanja amatitcha magaidi, koma kwathu kuno ku Ntcheu anthu amangoti "uja woyenda ndi alendo m'mapiri". Ndidaiphunzira kwa malume anga, amene adakalambira m'nkhalango ya Mvai akuyang'anira mitengo, ndipo ndili mnyamata ndinkawanyamulira chikwama ndi botolo la madzi. Masiku ano ndimagwira mbali ziwiri: kumtunda kuno, m'mapiri a Kirk Range, ndi kugombe la miyala la ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, komwe ambiri mwa alendo anga amakathera ulendo wawo.

Anthu amaganiza kuti luso la gaidi limaoneka pokweza alendo nsonga zitalizitali. Ine sindivomereza. Mnyamata wamphamvu amene akufuna kukafika pa Sapitwa ku Mulanje adzafika ndithu, bola wina amulozere njira. Chovuta ndi kutenga amayi a mvano, kapena mphunzitsi ndi ana ake a Sitandade 7, kapena bambo wa bondo lotupa amene wakhala zaka zambiri mu ofesi ku Lilongwe, n'kuyenda nawo maola atatu, onse n'kubwerako akuseka. Njira yotere siipezeka yokha. Umachita kuilumikiza m'mutu, chidutswa ichi ndi chidutswa icho, utaiyenda wekha nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe yomwe.

Malume adandiphunzitsa kusiyanitsa njira za m'phiri poona amene adaziponda. Njira ya amayi otola nkhuni imalunjika kumtunda, chifukwa iwo amathamangira dzuwa. Ya osaka mbewa ndi otchera misampha imathera m'tchire. Yabwino kwa mlendo ndi ya ng'ombe. Ng'ombe siikonda chitunda, imazungulira phiri pang'onopang'ono, ndipo nthawi zonse njira yake imakafika pamadzi. Dziko lino la Angoni lili ndi njira zotere zambiri, ndipo maulendo anga ofewa ambiri adamangidwa pa izo. Ndikamayesa njira yatsopano sindiwerenga makilomita okha. Ndimawerenga mithunzi yopumirapo, malo amene munthu wotopa angatulukire n'kukapeza kabaza, ndiponso potsetsereka pamene pali timiyala tosakhazikika. Alendo amaopa kukwera, koma amene ndawaona akugwa ambiri amagwa potsika, miyendo italema ndipo maso ali kale kugalimoto.

Tisananyamuke ndimayang'ana kumapazi. Nsapato yatsopano ndi mdani, bola yakale yozolowera phazi. Wovala patapata ndimamubweza akasinthe, ngakhale akwiye. Kenaka ndimafuna munthu amene akuoneka kuti adzatsalira, ndipo ameneyo ndiye ndimamuika kumbuyo kwanga kwenikweni kuti gulu lonse liyendere liwiro lake. Sindimuuza chifukwa chake, ndimangoti, "Mayi, bwerani kuno kutsogolo muzindithandiza kuona njira." Tili m'njira ndimatchera khutu. Gulu likamacheza, zinthu zili bwino. Macheza akazilala, ndiye kuti ndafulumira, ndipo ndimaima pamtengo wa msuku kapena wa mombo n'kuyamba kufotokoza za mtengowo mpaka mpweya ubwerere. Tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha, ndipo ife timatha wathu n'kupuma.

Kumtunda kuno ulendo umene ndimaukonda ndi wa kufupi ndi Lizulu ndi Mlanda, m'tsinde mwa phiri la Chirobwe. Sitikwera nsonga. Timadutsa m'mphepete mwa minda ya kachewere ndi kabichi, n'kukafika pamene dziko limatha mwadzidzidzi, chigwa cha Bwanje n'kuyalika pansi pathu. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi, mvula itangotsuka mlengalenga, nyanja imaoneka patali. Pofika Sepitembala utsi wa moto wa m'tchire umakhala utaphimba zonse, ndipo ndimauziratu alendo kuti asadzati ndidawanamiza. Kuderali pali chinthu china chimene gaidi ayenera kusamala nacho: msewu wa M1 m'malo ambiri ndiwo malire a dziko. Ukaoloka tala uli ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Ife eni dera timaoloka tsiku ndi tsiku, abale athu ali mbali zonse ziwiri ndipo chiyankhulo n'chimodzi, koma mlendo wa pasipoti ya kunja sindimulola kulowerera tsidya linalo.

Ena amafuna mbiri kuposa mapiri. Amenewo ndimapita nawo ku Nkolimbo, komwe kuli chiliza cha Inkosi Gomani Chikuse amene adaphedwa ndi atsamunda mu 1896, ndiponso komwe Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano. Kapena ku Nzama, kumene ansembe a chipani cha Montfort adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1901. Kuli konse kumene tipita, mwambo ndi umodzi. Sindilowetsa gulu m'mudzi ndisanakaonekere kwa amfumu. Msitu wowirira pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo ngakhale mthunzi wake ukome chotani sitipumirapo. Munthu sajambulidwa asanavomere. Ndikaona agogo pakhonde ndimachoka panjira, kunjuta, n'kupereka moni bwinobwino: "Mwaswera bwanji, gogo? Tikudutsa nawo ndi alendowa." Zimenezi zimadya nthawi, koma njira imene eni ake sakukufuna siikhala yofewa ngakhale ikhale yosalala.

Tsiku lotsikira kunyanja timakhota pa Masasa n'kutsetsereka msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenaka n'kulunjika cha ku Monkey Bay. Amene adanyamuka atavala majuzi amayamba kuvula tisanafike n'komwe m'chigwa, ndipo mitengo ya milambe ikayamba kuoneka ndimadziwa kuti malamulo a ulendo asintha. Kumtunda tikhoza kunyamuka 8 koloko osavutika. Kugombe ndimafuna tikhale tili m'njira dzuwa likungotuluka, chifukwa pofika masana matanthwe amatentha moti sungawagwire ndi dzanja. Madzi akumwa amene amakwana kumtunda, kuno ndimawawirikiza kawiri.

Panjira yolowera ku Cape Maclear timaima pa Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu la mizere yonga mphini zotema. Mudzi weniweni dzina lake ndi Chembe; dzina la Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear. Mapiri ozungulira mudziwo, zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndi madzi a m'mbali mwake zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pachipata pamalipiridwa, ndipo Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo wa kunja. Kumeneko sindiyenda ndekha. Ndimagwirizana ndi gaidi wa m'mudzi wa Chembe, tigawane ntchito ndi malipiro omwe, pakuti gombelo ndi munda wawo ndipo amadziwa mwala uliwonse kuposa ine.

Ulendo wofewa koposa ndi wopita ku Otter Point, kumapeto kwa gombe. Ndi waufupi, koma ndi pamene ndimasamala kwambiri. Matanthwe a kumeneko ndi akuluakulu, obulungira, osanjikizana mpaka m'madzi, ndipo mlendo akaona madzi oyera mbee amaiwala mapazi ake. Lamulo langa n'lakuti mwala wouma ndi wako, wonyowa ndi wa nyanja. Pamene mafunde amafika pamamera ndere yoterera, ndipo ndere yomweyo ndiyo chakudya cha mbuna, tinsomba ta mitundu yowala timene tidatchukitsa malowa. Ndimakhazika anthu pathanthwe louma kuti aziona mbunazo zikubudula ndere pansi pawo. Tikakhala chete nkhwazi imalira chapafupi, mbira zimatuluka m'ming'alu kudzaothera dzuwa, ndipo mwamwayi katumbu amaonekera. Anyani okha ndiwo safuna mwayi: amabwera ndithu, ndipo chikwama chosiyidwa chotsekula si chako. Ndimaletsa kuwapatsa chakudya, chifukwa nyani wozolowera dzanja la munthu mawa amaluma mwana.

Pobwerera timadzera kumanda a amishoni. Mishoni ya Livingstonia idayambira pamenepa mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gulu la oyambitsa, koma malungo adawatha anthu mpaka mu 1881 idasamukira ku Bandawe. Ana a sukulu amene amangodziwa Livingstonia ya ku Rumphi amadabwa kumva kuti chiyambi chake chili pano. Chapafupi ndi mandawo pamayambira njira yokwera phiri kukaonera gombe lonse. Ndi yokongola, koma sindiiwerengera m'gulu la njira zofewa, ndipo wondiuza kuti "ndi pafupi pomwepa" ndimamutsutsa pamaso pa alendo. Gaidi wonyengerera anthu kuti akwere chimene sangathe, pofuna ndalama yoonjezera, amaononga dzina la tonsefe. Za likodzo nazonso sindibisa: wosamba m'nyanja, makamaka kufupi ndi mudzi, akayezetse kuchipatala pakapita miyezi ingapo. Ndipo mwera ukamaomba, m'miyezi yozizira, za bwato timaziimika kaye n'kuyenda pamtunda.

Chimene chimandiwawa ndi mithunzi imene ikutha. Malo ena a ku Mvai ndi ku Dzonzi kumene ndinkapumitsira alendo pansi pa mitengo lero kwatsala zitsa ndi mauvuni a makala. Nkhalango ya Mvai ndiyo imasunga madzi a damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka, choncho nkhaniyi siikhudza oyenda okha. Wootcha makala sindimuda, ndimadziwa njala imene imamutuma. N'chifukwa chake ulendo uliwonse ndimaonetsetsa kuti alendo agula kanthu m'mudzi umene tadutsa, nthochi, chimanga chootcha kapena thobwa, ndipo wonyamula katundu ndimalemba wa komweko. Mudzi ukaona kuti mtengo woimirira ukubweretsa anthu ogula, nkhwangwa imayamba kuchedwa.

Alendo anga ambiri akadali a kunja, pamene mapiri ndi gombeli n'zathu. Aphunzitsi, atsogoleri a makwaya ndi a mabungwe a amayi, inu a ku Ntcheu, Balaka ndi Dedza: nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Simufunika zovala zapadera. Tengani nsapato yakale yolimba, chipewa, madzi okwanira ndi kamba wa panjira, ndipo agogo musawasiye kunyumba.