Ku Muloza, pa Malire a Dziko

Iye amene achoka pa boma la Mulanje kulinga kum'mawa ayenda pakati pa minda ya tiyi, phiri lili kudzanja lamanzere, kufikira atafika pa mtsinje wa Muloza. Tsidya lake ndi Milange, m'dziko la Mozambique, patsinde pa phiri la Tumbine.

Abale anga, nthaka yokoma iyi inaona zoopsa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'chaka cha 1986, anthu ambirimbiri anaoloka mtsinjewu nakhala pakati pathu. Mtendere unalembedwa ku Roma mu 1992, koma mabomba okwirira pansi sanamve za mtenderewo: anatsala m'njira za kumadzi ndi m'minda, kudikira phazi la wobwerera kwawo.

M'chigawo cha Zambezia anawazula ndi a HALO Trust. Ku Tete a Norwegian People's Aid anagwira ntchitoyo pamodzi ndi agalu. Galu wotere sasaka nyama ai. Aphunzira kununkhiza onga wa bomba, ndipo akaumva safukula, koma akhala pansi chete, kuti mbuye wake aike chizindikiro. Mphotho yake ndi kampira kosewera nako, basi! Pambuyo pake munthu agwada nakumba pang'onopang'ono. Dzuwa likatentha galu atopa msanga, chifukwa chake ayamba mbandakucha.

Mu 2015 Mozambique analengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yatha. Lero amayi aoloka pa Muloza atasenza chimanga ndi nandolo kukagulitsa.