Tinakaona Chilumba cha Likoma

Sabata ino ndati ndikusimbireni za ulendo umene gulu lathu la amayi linayenda wopita ku chilumba cha Likoma, ndiponso m'mene tinaukonzera. Ambiri a ife tikamva za ndege timangoti zimenezo n'za azungu ndi mabwana a m'maofesi. Inenso ndinali kuganiza chomwecho, kufikira tsiku limene mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anatiuza za kukhosi kwawo.

Mayiwa, amene tonse timangowatchula kuti Agogo, anabadwira ku Likoma. Anachokako ali mtsikana, atakwatiwa ndi mphunzitsi amene anabwera nawo kumtunda kuno, ndipo zinatha zaka zoposa 40 asanapondekonso. Makolo awo onse awiri anagona komweko, iwo osaona ngakhale manda. Tsiku lina tikusoka pa msonkhano wathu wa Lachinayi, Agogo anati, "Ana anga, maso angawa ayamba kuchita chidima, miyendo nayonso yatha. Ndikadakonda nditakaona pamene anagona mayi anga ndisanatsinzine." Tonse tinangoti chete, singano zili m'manja.

Ndalama ndi chilolezo

Mutu umodzi susenza denga. Tsiku lomwelo tinapangana zotsegula thumba lapadera la ulendo, losasakaniza ndi la maliro kapena la ngongole. Tinagulitsa mandasi, zitumbuwa ndi zoluka kwa miyezi 14, ndipo msungichuma wathu ankawerenga za m'kope pamaso pa onse mwezi uliwonse. Ndalama za gulu zikayamba kuchuluka, manong'onong'o nawonso amachuluka, choncho kope lisamabisike.

Chachiwiri chinali chilolezo cha kunyumba. Apa amayi anzanga ndikupempheni: musadzidzimutse abambo akunyumba ulendo utatsala masiku awiri. Ine ndinawauza kudakali chaka chathunthu. Poyamba anati, "Mayi a ana, kodi nyumba ino aisamala ndani inu mukukaona nyanja?" Sindinakangane nawo ayi. Ndinapangana ndi mng'ono wanga kuti adzakhale ndi ana, ndinakonola chimanga ndi kugayitsiratu, ndipo nthawi itakwana anali iwo omwe amene anandiperekeza.

Pamadzi kapena mumlengalenga?

Njira zopitira ku Likoma zilipo ziwiri. Yoyamba, imene anthu ambiri amayendera, ndi ya pamadzi. Sitima yodziwika kwambiri ndi Ilala, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Munthu wochokera m'chigawo chapakati angathe kukwera basi mpaka ku Nkhata Bay ndi kukakwerera sitima kumeneko. Mtengo wake ndi wofikirika, katundunso mumanyamula wambiri. Koma ulendo wake ndi wa maola ochuluka, anthu amadzazana, ndipo nyanja ikakwiya ngakhale mwamuna wamphamvu amagona chafufumimba.

Njira yachiwiri ndi ya ndege, yonyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Ulendo wake ndi wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Koma musaganize za ndege zikuluzikulu zija zopita ku Johannesburg. Za ku Likoma ndi zazing'ono, zonyamula anthu owerengeka, ndipo sizinyamuka tsiku ndi tsiku ngati basi. Nthawi zambiri zimayenda pokhapokha anthu atapanganiratu ndi eni ake. Mtengo wa munthu mmodzi ungathe kukweza amayi angapo pa sitima.

Titawerengetsa bwino tinaona kuti thumba lathu silingakweze amayi 12 m'ndege. Komanso miyendo ya Agogo sikadapirira basi ya tsiku lonse ndi makwerero a sitima. Motero tinagawana: amayi asanu ndi anayi adzere ku Nkhata Bay, ndipo atatu, ndiye kuti Agogo, ine ndi mayi wina amene anagwirapo ntchito kuchipatala, tikwere ndege. Panalibe wodandaula, chifukwa nkhaniyi tinaikambirana poyera.

Safunsa anadya phula. Tisanapereke ndalama tinafunsa mafunso anayi, ndipo yense wofuna ulendo wotere awafunse. Kodi ndege idzanyamuka tsiku liti, nthawi yanji? Kodi yobwerera ndi yotsimikizika? Kodi ikalephera kuuluka, ndalama zathu zidzatani? Nanga katundu wololedwa ndi wolemera bwanji? Mayankho ake tinapempha kuti atilembere, pakuti mawu apakamwa amauluka ndi mphepo. Za sitima nazonso tinafunsiratu tsiku lake, popeza nthawi zina imaima kuti ikonzedwe.

Nyengo nayonso tinaisankha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mphepo ya mwera imene imautsa mafunde aakulu, ndipo m'dzinja mitambo ndi mvula zimavutitsa ndege zazing'ono. Ife tinasankha kumapeto kwa Seputembala, mwera utayamba kugonja, kutentha kwa Okutobala kusanafike pachimake.

Tsiku la ulendo

Anzathu a pa sitima anatsogola, atasenza thumba la ufa, nyemba ndi shuga zokapereka kwa abale a Agogo. Ife tinafika ku Lumbadzi m'mamawa, ziphaso zathu za unzika zili m'manja. Pasipoti siifunika, chifukwa Likoma ndi Malawi yemwe, ngakhale kuti chilumbachi chazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique.

Pa sikelo ndi pamene tinachita manyazi. Anatiuziratu kuti aliyense asapitirire makilogalamu 15, ndiponso kuti chikwama chikhale chofewa osati sutikesi yolimba, popeza malo a katundu m'ndege zotere ndi ochepa. Koma chikwama cha Agogo chinalemera ngati mwala. Titatsegula tinapeza ufa woyera wodzaza ndowa, umene anaubisa pansi pa zitenje. "Kodi ndikalowe m'mudzi mwa amayi anga chimanjamanja?" anatero. Tinawakumbutsa kuti ufa wina uli kale pa sitima, ndipo mdzukulu wawo amene anatiperekeza anabwerera nawo ufawo kunyumba.

Sindikubisireni, ndege itayamba kuthamanga mtima wanga unali m'mwamba. Ndinamanga lamba n'kugwira mpando zolimba. M'makutu munatseka, koma mnzathu wa kuchipatala uja anatipatsa maswiti kuti tizimeza malovu, ndipo munatseguka. Posakhalitsa mantha anatha, maso ali pawindo. Mapiri a ku Ntchisi anaoneka ngati mizere ya m'munda, midzi ngati nyemba zomwazika pa lichero. Titadutsa cha ku Nkhotakota dziko linatha, kunangotsala madzi okhaokha. Patali tinaona chinthu chonga utsi chikukwera kuchokera m'nyanja. Ine ndinayesa kuti bwato likupsa, koma Agogo anaseka. "Imeneyo ndi nkhungu, mwana wanga, tizilombo touluka. Tili ana tinkatikola ndi malichero n'kupanga ndiwo." Kuyambira pamenepo mlendo ndinali ine, iwo anali mwini mudzi.

Chilumba chimaonedwa ndi phazi

Likoma ndi kachilumba kakang'ono, ka masikweya kilomita 18 okha. Pamodzi ndi chilumba chinzake cha Chizumulu, kalembera wa 2018 anapezako anthu opitirira 14,000. Nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala, ndipo kulikonse kumene mungayang'ane kwaima mitengo ikuluikulu ya malambe. Chimanga sichichita bwino, choncho anthu amadalira chinangwa ndi nsomba, ndipo ufa wambiri umachita kubwera pamadzi. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake Agogo anabisa ufa m'chikwama.

Tinakumana ndi anzathu ku Mbamba, kumene kuli msika ndi doko. Malo ogona tinali titapanganiratu, nyumba ya alendo wamba. Kulinso malo okongola a m'mphepete mwa nyanja kumene kumafikira alendo a kunja, koma mitengo yake si ya thumba la mandasi. Ndalama tinanyamula zogwira m'manja, tinagawana amayi atatu kuti zisakhale pa munthu mmodzi.

Tinali ndi masiku asanu, ndipo tinapangana kuti tsiku lililonse tizichita chinthu chachikulu chimodzi chokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto n'zowerengeka pachilumbapa. Anthu amayenda pansi kapena pa njinga zamoto. Tinkanyamuka m'mawa kusanatenthe, masana n'kupuma pamthunzi.

Tsiku loyamba tinapita ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. Mwala wa maziko a tchalitchichi unaikidwa mu 1903, ndipo ntchito yonse inatha mu 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100, ndipo anachimanga mwa maonekedwe a mtanda. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mkati muli mawindo a magalasi amitundumitundu ndi mipando yosemedwa pamwala. Anationetsanso mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, m'dziko la Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Ife a mipingo yosiyanasiyana tonse tinangoti kukamwa yasa, poganiza kuti zonsezi zinamangidwa ndi manja a anthu, pakati pa nyanja, kulibe galimoto.

Tsiku lachiwiri linali la Agogo. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka ku mudzi wa kwawo, tikupumira pansi pa malambe. Nyumba ya makolo awo inagwa kalekale, ndipo achinyamata amene tinawapeza sanawadziwe. Nkhope yawo inagwa, ifenso tinayamba kuopa kuti miyezi 14 ija yapita pachabe. Koma atatchula dzina la bambo awo, mwana wina anathamanga kukaitana mayi wokalamba amene anali kuyanika usipa pa thandala. Anayang'anana kanthawi, kenaka mayiyo anafuula dzina la Agogo la paubwana, limene ife sitinalimvepo n'kale lonse. Anali msuweni wawo. Ndi iyeyo amene anatitsogolera kumanda. Agogo anagwada, anazula udzu ndi manja awo, nalankhula ndi mayi awo motsitsa mawu m'chinyanja cha kwawoko. Ife tinaima chapatali. Madzulo ake tinadya kondowole ndi utaka, ufa wa pa sitima uja utalandiridwa ndi nthungululu.

Masiku otsalawo tinaona asodzi akukokera makoka kumtunda m'mamawa, ndi ngalawa za matanga zikubwera ndi nkhuni kuchokera kutsidya. Mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi zedi, ndipo mudzi wa Cobue uli pamaso pomwepa, koma wofuna kuwolokerako ayenera kukhala ndi zikalata zoyendera. Tinakwera pa chitunda kukaona dzuwa likulowa cha ku Chizumulu. Tinachitanso mwayi kupeza abambo akuyeserera gule wa malipenga ndi zipanda zawo, ndipo amayi a kumeneko anatikokera m'bwalo la chioda. Tinavina mpaka miyendo kuwawa.

Kwa eni kumafunika ulemu. Pagombe pali malo osambira amayi ndi ena osambira abambo, tsono funsani musanavule. Musajambule munthu osapempha. Gonani m'neti chifukwa cha malungo, ndipo pewani kusamba m'madzi odikha a m'mabango, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Pobwerera

Tsiku lobwerera tinakhala pa bwalo la ndege kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kunadzuka chimphepo, ndipo uthenga unabwera woti ndege ibwera mawa lake. Anzathu anali atanyamuka kale pamadzi. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti msungichuma anaumirira kuti tipatule ndalama za masiku awiri apadera, zosakhudza ngakhale titaona nsomba zotsika mtengo chotani. Tinalipira malo ogona usiku wina popanda kupempha kwa munthu. Mankhwala a Agogo a kuthamanga kwa magazi nawonso tinatenga opitirira masiku a ulendo. Ulendo wa pachilumba, amayi anzanga, tsiku lobwerera salumbirira. Musaike ukwati, chinkhoswe kapena tsiku la kusikelo ya mwana mawa lake la tsiku limene mukuyembekeza kufika.

Agogo tsopano saonanso bwino, ndipo kusoka analeka. Koma amabwerabe Lachinayi lililonse, n'kukhala pa mkeka, ndipo mayi watsopano akalowa m'gulu amamufotokozera za malambe a kwawo ndi za msuweni wawo uja. Tikadati tidikire chaka china, sakadaona kanthu.

Mwina m'gulu lanu mulinso wina amene ali ndi kwawo kumene sanapiteko zaka zambiri, kapena nonse simunaonepo nyanja ya dziko lanu lomwe. Gulani kope, sankhani msungichuma wokhulupirika, ndipo muyambe mwezi uno. Ife thumba lathu talitsegulanso, ulendo uno tikufuna kukagona pa Chizumulu.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.