Tsiku limene "iwe" anatsala pang'ono kutigwetsera bizinesi

Lero ndili ndekha pa maikolofoni, ndiye mundipirire, Chichewa changa ndi chokulira ku South Bend.

Ena mukudziwa kuti ine ndi msuweni wanga tili ndi kabizinesi koyendetsa alendo. Anthu akabwera kuchokera kumudzi, kaya ku ukwati kaya kudzaona mwana akumaliza sukulu, timawatenga pa galimoto n'kuwaonetsa malo. Kuno ku South Bend timawapititsa ku Notre Dame ndi ku Studebaker National Museum, komwe amaona magalimoto a kampani imene inatseka fakitale yake muno mu 1963. Akafuna zambiri, timatsika ndi msewu wa US 31 mpaka ku Indianapolis, ulendo wa maola awiri ndi theka. Ine ndimagwira foni ndi ndalama, msuweni ndiye amayendetsa n'kumafotokoza.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza uthenga wamawu pa WhatsApp, wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Unachokera kwa bambo ena achikulire a ku Dedza, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene anayenda ndi msuweni dzulo lake. Sanakalipe. Analankhula pang'onopang'ono, ndipo mtima wanga unagunda kwambiri chifukwa cha kufatsa komweko. Madandaulo anali awiri. Loyamba, analipira kuti akaone Indianapolis Motor Speedway, bwalo la mipikisano ya magalimoto lija, koma sanafikeko. Lachiwiri, mnyamata wathu anawatchula kuti "iwe" tsiku lonse, pamaso pa akazi awo.

Ine ndinachita monga ndinaphunzirira ku ntchito za kuno. Ndinalemba msangamsanga m'Chingerezi kuti tamva, pepani, tikubwezerani theka la ndalama. Yankho linabwera lalifupi: "Mwana wanga, ine sindinapemphe ndalama."

Ndinawaonetsa amayi. Anandiyang'ana kanthawi n'kuti, "Munthu wamkulu wakudandaulira ndi pakamwa, iwe wamuyankha ndi zala? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akakwera ndege ali ndi zimenezi mumtima, Dedza yense adzamva kuti ana athu kuno alibe mwambo."

Ndisanapite kulikonse ndinakhala pansi ndi msuweni kuti ndimve mbali yake. Za Speedway anavomera. Ananyamuka mochedwa, ndipo atafika ku paki ya Dr. Martin Luther King Jr., pamene Robert Kennedy anauza khamu la anthu pa 4 Epulo 1968 kuti King waphedwa, bambo aja anali ndi mafunso ambiri. Nthawi inatha. Cholakwa chake n'chakuti anasintha ulendo osawafunsa eni ake.

Koma za "iwe" anadabwa zenizeni. Anati, "Aise, chibadwire aliyense amanditchula choncho. Amayi amati iwe, amalume amati iwe, kutchalitchi amati iwe. Ndimaona ngati ndi mmene timanenera." Anali atayesetsa tsiku lonse kulankhula Chichewa kuti alendo asangalale. Atamva kuti anawanyoza, misozi inalengeza m'maso.

Ndikudziwa kuti ena mukumvetsera muli ngati iyeyo. Ife obadwira kuno tinaphunzira Chichewa pouzidwa zochita: bwera, idya, khala pansi, wamva? Chichewa chopita kwa akuluakulu sitinachimve kawirikawiri, chifukwa agogo ali kutali. Ndiye gwirani ichi. Kwa wamkulu, ngakhale ali yekha, timati inu. Bwerani, idyani, khalani pansi, mwamva? Ndipo dzina lawo limayamba ndi "a": abambo, amayi, agogo. Mukakayika, nenani inu basi. Palibe amene anakwiyapo chifukwa chopatsidwa ulemu wochuluka.

Madzulo ake tinapita atatu, ine, msuweni ndi amalume, kunyumba kumene alendowo anafikira. Amalume ndiwo anayamba kulankhula, monga zimakhalira kwathu. Kenako msuweni anagwada n'kunena mawu amene tinayeserera m'galimoto njira yonse: "Abambo, ndinalakwa. Mundikhululukire." Bambo aja anakhala chete, kenako anafunsa kuti anabadwira kuti. Atamva kuti pa chipatala cha muno momwemo, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye wayesetsatu! Koma 'iwe' uja umusiyire anzako."

Ndalama anakanabe. Ife tinapempha kuti atilole tikonze ndi ulendo wina waulere, ndipo analola. Loweruka tinawatenga tonse awiri. Anaona Speedway, imene inatsegulidwa mu 1909, anajambulitsa pa Monument Circle, ndipo tinadutsa pa Indiana Avenue kuti amayi aja aone nyumba ya dzina la Madam C. J. Walker, mayi wachikuda amene analemera ndi mafuta a tsitsi. Pobwerera, aphunzitsi anatiuza kuti Kamuzu Banda anaphunzirako ku Indiana University asanapite ku Chicago. Ife oyendetsa alendo sitinkadziwa. Pano timawauza onse obwera.

Kuchokera tsiku limenelo tinasintha zinthu zitatu. Ndandanda ya ulendo timaitumiza usiku, ndipo sitichotsapo malo popanda kufunsa. Dandaulo likabwera, ndimaimba foni kaye n'kumvetsera mpaka munthu amalize, za ndalama zimabwera pambuyo. Ndipo msuweni anamata kapepala pafupi ndi chiwongolero, analembapo zilembo zitatu zokha: INU.

Mwezi watha aphunzitsi aja anatitumizira banja lina lochokera ku Dedza. Uthenga wawo unati tiwapatse mnyamata yemwe uja.

Ngati nanunso munaphonyapo ulemu pamaso pa akuluakulu, tiuzeni, tidzawerenga sabata yamawa.