Usiku wa Nyimbo mu Mzinda wa Vienna

Pakati pa maiko a ku Ulaya pali mzinda waukulu, dzina lake Vienna. Ndiwo likulu la dziko la Austria, ndipo uli m'mbali mwa mtsinje wa Danube. Anthu okhalamo ali ngati 2 miliyoni. Mzindawo unatchuka ndi nyimbo, pakuti akatswiri opeka nyimbo, monga Haydn, Mozart, Beethoven ndi Schubert, anakhala momwemo.

Tsiku lina kunafika mnyamata wina pa sitima ya pamtunda. Iyeyu anali kuphunzira kuimba vayolini, ndiye zeze wa ku Ulaya wa nsambo zinayi, amene amalira pomkhudza ndi kauta. Ataphunzira zaka zisanu analephera mayeso, nataya mtima. Anaika zezeyo pansi pa kama, nati mumtima mwake, "Ndileke basi. Ndikaone mzinda wa nyimbo kamodzi kokha, ndipo pobwera ndidzamgulitsa zezeyu."

Usana wonse anayendayenda naona zinthu zambiri. Analowa m'tchalitchi chachikulu chotchedwa Stephansdom, chimene nsanja yake ndi yotalika mamita 136. Anakwera makwerero 343 a m'nsanjamo, nasuzumira pazenera, naona madenga osawerengeka ndi mapiri a nkhalango patsidya pake. Atatsika anapita ku Schönbrunn, nyumba ya mafumu akale, ya zipinda 1,441. Kumeneko anamva kuti m'chaka cha 1762 Mozart anaimba limba pamaso pa Mfumukazi Maria Theresa ali ndi zaka 6 zokha. Mnyamatayo anagwidwa ndi chisoni, nati, "Kamwana kanatha zimenezi, ndipo ine wamkulu ndalephera. Ndithu ntchito iyi si yanga."

Dzuwa litalowa, mzinda unakhala ngati wadzuka kumene. Nyali zinayaka m'misewu monse. Ku munda wa masewera wa Prater gudumu lalikulu, limene analimanga mu 1897, linali kuzungulira pang'onopang'ono ndi kukweza anthu m'mwamba kuti aone kuwala kwa mzinda. M'nyumba za khofi anthu anadzaza, ndipo m'mbali mwa ngalande ya Danube anyamata ndi atsikana anali kumwa ndi kuvina. Mnyamatayo anakhumbira zonsezi, koma powerenga ndalama zake anaona kuti zikwanira chinthu chimodzi chokha.

Tsono anafika pa nyumba ya opera. Opera ndilo sewero limene mawu ake ambiri ochita sewero amachita kuimba, ndipo patsogolo pao pamakhala khamu la oimba azeze, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Mipando ya m'nyumbamo ndi ya mtengo wapatali, koma kumbuyo kuli malo oimirira, a mtengo wochepa. Mnyamatayo anagula chitupa cha malo amenewo, nalowa.

Pafupi naye panaima mayi wina wokalamba, wa imvi mutu wonse. Mayiyo anamanga kansalu ka m'khosi pa chitsulo chotsamira, nati, "Mwana wanga, manga kako nawenso. Umenewu ndiwo mwambo wa kuno. Munthu sangakulande malo poona kansaluko."

"Zikomo, agogo," anatero mnyamatayo. "Nanga inu simutopa kuimirira?"

"Kutopa ndimatopa," anayankha mayiyo, "koma nyumba ino ndiikonda. Mabomba anaiphwasula mu 1945, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu anaimanganso zaka khumi, naitsegula mu 1955 ndi sewero lomweli la lero, lotchedwa Fidelio. Kodi ukudziwa kuti analipeka kangati?"

"Kodi si kamodzi, agogo?"

"Iyayi, katatu. Beethoven analionetsa poyamba mu 1805, asilikali a ku France atangolanda mzinda uno. Anthu anabwera ochepa, ndipo sanakondwe nalo. Analikonza mu 1806, koma linaseweredwa kawiri kokha. Analikonzanso mu 1814, ndipo pamenepo ndi pamene anthu analilandira. Nthawi yonseyo makutu ake anali kugontha."

Nyali zinazima, ndipo anthu onse anakhala chete, zii! Seweroli linali la mkazi amene anavala zachimuna nalowa ntchito m'ndende, kuti apulumutse mwamuna wake womangidwa popanda mlandu. Pena pake akaidi anatulutsidwa mumdima kuti aone dzuwa kanthawi. Azeze anayamba kulira motsitsa kwambiri, monga mphepo ya m'bandakucha, ndipo akaidiwo anayamba kuimba monong'ona, mawu ao nakula pang'onopang'ono kufikira anadzaza nyumba yonse. Mnyamatayo anaiwala kuwawa kwa miyendo. Anapenyetsetsa manja a oimba azeze, naona mauta onse akukwera ndi kutsika pamodzi ngati dzanja la munthu mmodzi. Pamenepo anazindikira kuti aliyense wa iwo anakhala zaka zambiri m'chipinda yekha, kubwereza nyimbo imodzimodzi ndi kulakwa kosawerengeka.

Sewero litatha, anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Mnyamatayo anamasula kansalu kake, naperekeza mayi uja mpaka pokwerera sitima ya mumsewu. Potsazikana anamuuza za mayeso ake ndi za zeze wa pansi pa kama. Mayiyo anamfunsa, "Walephera kangati?"

"Kamodzi, agogo."

"Kamodzi kokha?" anatero mayiyo, naseka, nakwera sitima.

Unali usiku pakati, ndipo kungalande kuja ng'oma zinali kumvekabe. Mnyamatayo analibenso ndalama yokavinira, ndipo anagula buledi ndi soseji kwa wogulitsa wa pamsewu, nadya ali chiimire. M'mawa mwake anabwerera kwao. Atafika anagwada pansi, natulutsa zeze uja, napukuta fumbi, nayamba kumanga nsambo zake.

Alendo ambiri amapita ku Vienna kukaona nyumba zazikulu ndi kukondwa usiku, ndipo sachita choipa. Koma chimene mnyamatayu anatengako chinaposa zimenezo, pakuti anaona Mozart usana nataya mtima, namva Beethoven usiku nalimbikanso. Akulu amati, kuona maso a nkhono n'kudekha.