Thabwa la madala lafika ku Chipoka kachiwiri

Magaye a kunyanja, ndabweranso ndi nkhani yaitali. Amene bandulo yanu ikupuma movutikira musadandaule, muno mulibe video, ndi mawu okhaokha. Ambiri mwakhala mukundifunsa za chilonda chili pa chigongono changa, ena mpaka kufalitsa zoti ndinagwa pa njinga yamoto nditaledzera. Ayi aise. Ndinagwa pa thabwa la matayala, kufupi ndi Lifidzi, mutu uli bwinobwino. Khalani pansi ndikuuzeni kuti mabodza athe.

Skateboard ija ndinaipeza pa kaunjika ku Kamuzu Road mwezi wa April, ili pansi pa mulu wa nsapato ndi zidole. Wogulitsayo sankadziwa n'komwe mtengo woti atchule. Thabwa lake linali long'aluka pakati, koma matayala anayi ndi zitsulo zake zinali zamoyo. Ndinapereka ndalama ya ndowa imodzi ya usipa, yochokera m'kachitini kamene ndimasungamo ya pasipoti. Inde, ya ku Joni. Musandiyang'ane choncho, theka la gulu lino lili ndi kachitini kotere.

Chimene chinandipangitsa ndi nkhani ya mkulu wina wa ku New Zealand, Rob Thomson, imene ndinaiona pa YouTube. Mkuluyu anayenda pa skateboard kuchokera ku Switzerland, kudutsa America, mpaka ku Shanghai ku China, makilomita 12,159, kuyambira 2007 mpaka 2008. Mwendo umodzi pa thabwa, wina kumapalasa pansi, basi. Winanso ndi Alastair Humphreys wa ku England, amene anazungulira dziko pa njinga zaka zinayi, koma atabwerako anayamba kuuza anthu kuti ulendo sulira kuoloka nyanja zamchere: tuluka pakhomo, kagone paphiri limene umaliona tsiku lililonse, m'mawa ubwerere. Ine ndinadzifunsa: ndabadwira pa Senga Bay, ndikulota Johannesburg, koma Chipoka, boma lomweli la Salima, ndinangoiona pa windo la minibasi. Zoona zimenezo?

Vuto linali thabwa. Kudenga kwa khitchini kwathu kwakhala thabwa la mlombwa zaka zonse za moyo wanga, lakuda ndi utsi. Ndi limene madala ankakhalira pa bwato lawo loyamba. Bwatolo linaola kalekale, thabwalo analisunga. Nditawapempha anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti ndikufuna kupita nalo kuti. Ndinati ku Chipoka.

"Ku Chipoka? Ndi mwera uno? Kukatenga chiyani?"

Ndinati palibe, kungokaona. Anapitiriza kusoka ukonde wawo. Patapita kanthawi anati, "Tenga." Sanawonjezerepo mawu.

Mmisiri wokonza maboti pa doko pathu analipala, kuliboola, n'kumangirira zitsulo zija ndi mabawuti. Pamwamba tinapaka penti wotsala wa boti n'kuwazapo mchenga wa kunyanja usanaume, kuti phazi lisamaterereke. Chinatuluka cholemera ngati nkhafi zitatu, koma chachitali, chokhazikika. Mwezi wonse wa May ndinkaphunzira pa tala mbandakucha, anthu asanadzuke, kuopa kusekedwa. Anandisekabe. Amayi ogula nsomba anachitcha bwato la kumtunda.

Tinanyamuka mu June, sabata imene mwera unatsekereza maboti onse pamchenga. Mukudziwa mmene zimakhalira: chilimira chili pa dzuwa, asiginala akusewera bawo, palibe wolowa m'madzi. Mphwanga anakwera njinga ya kabaza ya asibweni, kumbuyo atamanga chigubu cha madzi, bulangete limodzi, mbatata yophika, usipa wouma, sipanala ndi kabotolo ka oyilo.

Kuchokera ku Senga Bay kukafika m'tauni ya Salima ndi makilomita pafupifupi 20. Pa galimoto ndi nkhani imodzi yokha ya mpira, mwafika. Ife zinatitengera maola atatu. Mmenemo ndi mmene ndinadziwira kuti msewu umene timati ndi wosalala uli ndi mapiri ake ang'onoang'ono amene matako a pa minibasi sawamva. Ndinadziwanso kuti tala ali mitundu iwiri: wina matayala amangoti see, wina wamiyala amanjenjemeretsa mano mpaka phazi kuchita dzanzi. Kamchenga kakang'ono pamsewu kamaimitsa matayala nthawi yomweyo, thabwa n'kutsala, iwe n'kupitirira. Ndipo ukamapalasa ndi mwendo umodzi wokha, umene umayamba kulira ndi uja waima pa thabwa, chifukwa ndi umene ukupindika ndi kuwongoka. Ndiye umafunika kusinthana miyendo, ngati mmene timasinthira mbali popalasa bwato.

Ana a sukulu anatithamangira mtunda wautali. Agogo ena ali ndi mtolo wa nkhuni anaima n'kufunsa ngati ndili pa chilango. Bambo wina wa kabaza anayenda nafe pang'ono akufunsa kuti injini yake ili pati.

Pa Kamuzu Road tinadya tchipisi cha pa chiwaya, kumwera thobwa, kudikira dzuwa lipendeke. Kenako tinakhotera kumwera, msewu wa M5 wopita ku Balaka. Apa mpamene ndinamvetsa funso la madala lija. Mmawa wonse mwera unkatiomba chakumbali, sitinauwerengere. Titangokhota unabwera kumaso. Ine mwana wa msodzi, amene ndimadziwa mwera ndi mpoto ndisanadziwe a e i o u, ndinakonza ulendo wopita kumwera mwezi wa June. Ukapalasa katatu, thabwa limayenda ngati wapalasa kamodzi. Manyazi anandigwira kuposa kutopa.

Mdima utayamba tinapatuka m'mudzi wina n'kukapempha malo kwa amfumu. Anatifunsa kwathu, mayina a makolo, ndi chimene tikugulitsa. Titati sitikugulitsa kanthu anaseka mpaka kutsokomola, n'kutipatsa khonde ndi mphasa. Amayi a pakhomopo anaphika nsima, ife tinatulutsa usipa, ana a m'mudzimo anasinthana pa thabwa mpaka mwezi kukwera. Ndinagona miyendo ikugunda ngati ng'oma. Kwathu ndimagona ndi phokoso la mafunde, ndiye usiku umenewo chete uja anandisowetsa tulo.

Tsiku lachiwiri ndi la chilonda. Msewu umenewu ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo mathiraki sadziwa kuti skateboard ndi chiyani. Lamulo lathu linali lakuti mphwanga akakuwa kuti "chachikulu", ndidumphe n'kunyamula thabwa. Kufupi ndi Lifidzi anakuwa, koma mphepo inatenga mawu ake. Ndinangomva hutala pamsana. Ndinakhotera kumbali, matayala analowa mumchenga, ine ndinauluka. Thiraki inadutsa, fumbi lake n'kundikwirira. Mphwanga anafika akunjenjemera, misozi ili m'maso, akuti tibwerere. Apa sindikuseka, magaye. Kukanakhala kusiyana kwa mkono umodzi, bwenzi uthenga uno akulemba ndi wina. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene msewu wapapatiza ndinkayenda wapansi thabwa lili kukhwapa. Mwa makilomita pafupifupi 30 a Salima mpaka Chipoka, ambiri ndithu ndinayenda ndi miyendo, ndipo sindikubisa.

Tinalowa mu Chipoka dzuwa litapendeka, njanji ili pambali, milambe ili njo, nyanja n'kuonekeranso. Tinatsikira kumchenga kukatsuka chilonda. Pamenepo panali madala ena okalamba akuphika phula lomatira bwato. Anayang'ana thabwa, anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditatchula dzina la bambo ndi doko lathu, anasiya ntchito.

"Iwe ndiwe kakhanda kaja?"

Anandiuza nkhani imene m'nyumba mwathu sinakambidwepo. February wa 2002, chaka cha njala ija anthu ankadya zitsa za nthochi ndi nyika. Ine ndinali wa miyezi yochepa. Bambo anamva kuti ku Chipoka kukupezeka chimanga. Ndalama ya galimoto panalibe. Anaika utaka wouma m'bwato n'kupalasa okha, kutsata gombe, mvula ikugwa, masiku awiri. Anafika manja atatupa, chimanga atapeza chatha. Madala amenewa ndi amene anawagoneka, n'kuwathandiza kusinthitsa utaka uja ndi theka la thumba la madeya. M'mawa mwake anawauza kuti apumeko tsiku limodzi, bambo anakana, akuti kunyumba kuli mwana wodwala.

Ine ndinangoti kakasi, chilonda n'kuchiiwala. Ndinkadziwa kuti ndinali ndi achimwene amene anamwalira chaka cha njala. Manda awo timalambula chaka chilichonse. Koma za ulendowu sindinamvepo.

Tinabwerera pa lole ya matola, njinga ndi thabwa pamwamba pa matumba a makala. Usiku ndinawafunsa masteni kukhitchini. Anayamba akhala chete, kenako anati bambo anafika ndi madeya aja maliro atachitika dzulo lake. Bwato lija sanalikwerenso, analisiya pamchenga mpaka linaola. Anangochotsapo thabwa.

Taganizani aise. Ine ndinakatenga thabwa limenelo, kuliboola, kulipaka penti, kuliika matayala a pa kaunjika, n'kuwauza mwini wake kuti ndikupita nalo ku Chipoka kukangoona. Ndipo iwo anangoti tenga.

M'mawa ndinawapeza pa thandala. Ndinakhala pansi, mawu osatuluka. Anatenga thabwalo, kulitembenuza, kuzunguza tayala limodzi ndi chala n'kumvetsera.

"Muli mchenga umu. Utsuke ndi parafini, kenako oyilo." Anazunguzanso lina. "Aka n'kachiwiri thabwa limeneli kufika ku Chipoka. Ulendo uno labwerako bwino."

Ndinati pepani bambo, sindimadziwa. Anati palibe chopepesa, iwo anapalasa kuti ana awo asadzapalase ndi njala, ndiye ngati wina akupalasa atakhuta, chavuta n'chiyani? Kenako anandikalipira za mwera, kuti munthu wanzeru akanakwera galimoto popita n'kubwerera pa thabwa mphepo ili kumsana. Mphwanga anaseka mpaka kugwa pa benchi.

Ndakhala ndikuganiza. Ndinkasirira Rob Thomson ndi makilomita ake, osadziwa kuti munthu amene ndimadya naye mbale imodzi anayenda ulendo umene ine sindingauyerekeze. Ndipo si iwo okha. Madala anu amene amapita ku Mbenje chilumba chikatsegulidwa mu April, kukakhala pansi pa malamulo a Mfumu Makanjira, opanda mowa, opanda juga, mpaka kutseka kwa December, munawafunsapo zimene anaona? Amene amagona m'madzi kuseri kwa Maleri ndi Namalenje ndi nyali zokha, munakhalapo nawo pansi? Iwo satchula kuti ndi ulendo, amati ntchito, ndiye ife timaona ngati palibe nkhani.

Za ku Joni sindikunyoza munthu. Anzathu ali kumeneko akumangira makolo nyumba za malata, ndipo usipa wa masiku ano tonse tikuuona mmene ukuchepera. Kachitini kanga kakadalipo. Koma ngati ndidzapite, ndikufuna ndidzapite ndikudziwa kumene ndikuchokera, kuti wina akadzandifunsa za kwathu ndisadzangotchula malo ogona alendo ndi chambo.

Tsono mwera ukatha tikupita ku Lifuwu, kukaona minda ya mpunga, kugona komweko, m'mawa kubwerera. Kumene kulibe tala thabwa tidzanyamula. Bwera ndi chimene uli nacho: njinga, miyendo, ngakhale wilibala. Malamulo ndi atatu. Uwauze makolo kumene ukupita. Mowa utsale. Galimoto ikamveka, tonse kumbali, palibe ushasha pamsewu.

Ndipo usanabwere, kawafunse madala kapena masteni ako za ulendo wautali kwambiri umene anayendapo. Mwina sakuyankha tsiku lomwelo. Anga anadikira zaka zoposa 20.

Tumizirani ena a kunyanja. Amene munafalitsa za njinga yamoto, ndakukhululukirani, koma Fanta mugula ndinu.